Pempho la thandizo: kulumikiza kompyuta yakale ku TV

Abale ndi alongo, ndili ndi kompyuta yakale ya pa desiki yokhala ndi Windows 7 ndi RAM ya 4 GB, ndipo ndikufuna kuilumikiza ku TV kuti banja langa kuno ku Area 25 lizionera mafilimu ndi zithunzi za ukwati wathu zimene tinasungamo. Vuto ndi lakuti kompyutayi ili ndi polowetsa chingwe cha mtundu wa VGA chokha, chimene chimatumiza zithunzi koma sichitumiza mawu, pomwe TV imalandira chingwe cha mtundu wa HDMI.

Kodi kachipangizo kosinthira VGA kukhala HDMI kamatulutsa mawu bwino, nanga ku Old Town ndingakapeze? Ndikupemphanso maganizo anu pa nkhani ya Windows 7, imene Microsoft inasiya kuisamalira mu 2020: ndiichotse n'kuikamo LibreELEC, imene imatsegula pulogalamu yoonetsera mafilimu ndi zithunzi yotchedwa Kodi kompyuta ikangoyatsidwa? Nkhawa yanga ndi yakuti zithunzizo zisafufutike.