Kanema wa pa 26 kwa agogo ku Sadzi

Chikondi: Mwaswera bwanji nonse. Za mbuzi ndi mpunga tinamaliza dzulo, chatsala ndi kanema wa usiku wa pa 26 Disembala. Purojekita ndi sipika ndapeza kwa mnyamata wina wa ku Chinamwali, akuti K30,000 usiku umodzi. Nsalu yoyera tikhoma pa khoma la khitchini, mbali yoyang'ana ku mtengo wa mango. Mafilimu akhale awiri basi. Tisankhe lero kuti Mphatso ayambe kusaka.

Malume Dickson: Palibe chosankha apa. Commando. Ikatha imeneyo, Rambo.

Mphatso: Adadi, phwandoli ndi la agogo, akukwanitsa zaka 80. Si msonkhano wa asilikali opuma a ku Cobbe Barracks kkkk

Malume Dickson: Iwe sunabadwe n'komwe. Commando inatuluka 1985, ife tinadzaonera mochedwa mu video show ku Mpondabwino, chipinda cha mdima, mabenchi a matabwa, mazenera otseka ndi makatoni. Amene analibe ndalama ankasuzumira pa kabowo ka chitseko. Schwarzenegger atanyamula chimtengo chathunthu pa phewa chipinda chonse chinaimirira. Mawa lake anyamata tonse tinkayenda titatukula mapewa ngati tabisa mazira m'khwapa.

Mayi Esnart: Ndipo ndikukumbukira achimwene, munaba ndalama ya chigayo kuti mukaonere zimenezo. Chikwapu chake ndinalandira nawo ine wosalakwa.

Malume Dickson: Achemwali, za kale sitifukula pa gulu pali ana.

Mayi Esnart: Ine mfuti pa bwalo la amayi ayi. Munthu mmodzi kupha anthu mudzi wathunthu, iye osavulala ngakhale chala, ana aphunzirapo chiyani? Tiike filimu ya Yesu ija ya m'Chichewa. Amayi amaikonda, ndiponso ndi nyengo yake.

Tiya: Amayi, ya Yesu agogo anaonera Pasaka yapitayi ku tchalitchi, komanso chaka chinacho. Amaidziwa mpaka amayankhula mawu asanatuluke mu sipika.

Mlamu Grace: Odi odi, ndalowa mochedwa, ndinali ku msika. Ine ndimati Titanic. Anthu tilireko pang'ono.

Achimwene Yami: Mayi a Tadala, mwaonera kangati imeneyo? Sitima ija imamirabe basi, siisintha maganizo.

Mlamu Grace: Inu khalani chete ku Joni konko. Munagona pakati pa filimu, mungadziwe chiyani za chikondi?

Mphatso: Alamu, Titanic ndi maola atatu ndi mphindi 14. Tikayamba 7 koloko, sitima ikamamira agogo ali m'tulo tachiwiri. Komanso muli malo awiri aja, pojambula chithunzi ndi m'galimoto muja. Mungaonere zimenezo adadi atakhala pa mpando kumbuyo kwanu?

Mlamu Grace: Iii ndinaiwala! Pamaso pa apongozi ayi ndithu. Ndingathawire ku khitchini osabwerakonso. Ichotseni.

Malume Dickson: Ndipo mtsikana uja anali wodzikonda. Thabwa lija linali lokwana anthu awiri.

Mayi Esnart: Kodi achimwene munaonera? Si inu mumati za chikondi n'za azimayi?

Malume Dickson: Ndinkangodutsa pabalaza.

Tiya: Kudutsa maola atatu kkkkkk

Mlamu Grace: Ndiye ya ku Nigeria. Osuofia in London, kapena ya Aki ndi Pawpaw. Pamenepo palibe wogona. Ana aja akayamba kuzunza bambo awo ine nthiti zimawawa.

Mphatso: Alamu, aja si ana. Chinedu Ikedieze ndi Osita Iheme ankasewera ali akuluakulu kale, kungoti ndi ochepa msinkhu.

Mlamu Grace: Ndikudziwa, koma ukamaonera umaiwala.

Mayi Esnart: Za ku Nigeria vuto lake sizichedwa kulowa kwa sing'anga. Mwayamba bwinobwino mukuseka, kenaka munthu wasanduka nkhuku. Ana a Tiya akayamba kulota usiku adzagone nawo ndani?

Achimwene Yami: Osuofia mulibe zimenezo amayi. Ndi mkulu wa kumudzi wapita ku London kukatenga chuma cha m'bale wake amene anamwalira, ndiye zonse za kumeneko zikumusokoneza. Ndimadzionera ndekha mmenemo. Tsiku loyamba kuno ndinaima pa masitepe oyenda okha aja mphindi zisanu, kudikira kuti aime kaye ndikwere.

Chikondi: Kkkk achimwene simunatiuzepo zimenezi

Achimwene Yami: Zina timafa nazo.

Mphatso: Ndinene zanga. Tili ndi mafilimu athu a konkuno, bwanji tikuthamangira kwa eni? Shemu Joyah anapanga Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise. Pali Fatsani ya Gift Sukez Sukali, ya kamtsikana kogulitsa nthochi mumsewu sukulu yake itatsekedwa. Koma imene ndikufuna kwambiri ndi ya William Kamkwamba, The Boy Who Harnessed the Wind, ya 2019. Anajambula ku Kasungu konko, ndipo mbali yaikulu akuyankhula Chichewa. Agogo amva okha popanda wowamasulira.

Achimwene Yami: Chichewa chake chiti msuweni? Ine ndinaonera kuno ndi anzanga a ku Mangochi, tinachita kuwerenga mawu a Chingerezi pansi kuti timve Chichewa chathu chomwe. Bambo ake a William aja akayankhula umakhala ngati wailesi yasochera siteshoni.

Mphatso: Amene uja ndi Chiwetel Ejiofor, anabadwira ku London, makolo ake ndi a ku Nigeria. Ndi yemwenso anatsogolera filimuyo. Mnyamata wosewera William ndi Maxwell Simba wa ku Kenya. Anthu anachita kuphunzira chinenero chathu kuti nkhani ya kwathu imveke m'chinenero chake, pamene akanatha kungoipanga yonse m'Chingerezi. Ine pamenepo ndimawavulira chipewa. Ndipo Lily Banda alimo, ndi mchemwali wake wa William, iye Chichewa chake n'chakumudzi kwenikweni.

Achimwene Yami: Sindikukana kuti anayesetsa. Koma anthu odziwa kusewera kwathuko anatha? Ku Chanco komweko ukuphunzira iweko kwatuluka akatswiri a zisudzo angati?

Mphatso: Pamenepo mwanena zoona, inenso zimandiwawa. Koma filimuyo ndi yabwino. Mwana wa zaka 14, amuchotsa sukulu chifukwa cha fizi, akumakawerenga mabuku ku laibulale, n'kutola zitsulo zotayidwa ndi njinga ya bambo ake, mpaka makina oyendera mphepo atheka. Ana athuwa aone kuti munthu wa ku Wimbe anachita zimenezo.

Mayi Esnart: Mphatso mwana wanga, ine ndinaionera kwa abusa. Ndi yabwino, sindikutsutsa. Koma iwe mu 2002 unali usanabadwe. Malo aja anthu akukanganirana chimanga pa depoti, ena kuponderezana pa chipata, ine ndinatuluka panja. Chaka chimene chija amayi ankadzuka 3 koloko m'bandakucha kukaima pa mzere, kubwerako dzuwa litapendeka ndi kathumba ka gaga. Tinadya nthochi zosakhwima zophika, tinadya phala la madeya. Ankatigawira ife ndi adzukulu, iwo n'kunena kuti adya kale kwa anzawo. Tinadzazindikira patapita nthawi kuti kunalibe anzawo alionse. Ndiye pa tsiku lawo losangalala tiwaikire zimenezo pa khoma, zazikulu ngati nyumba?

Malume Dickson: Achemwali anena zoona. Ine pa galu paja, Khamba, ndi pamene ndinalephera. Tinalinso ndi galu wathu chaka chimenecho. Sindifuna kunena zambiri.

Mphatso: Pepani azakhali, sindinaganize mbali imeneyo.

Mayi Esnart: Palibe cholakwa mwana wanga.

Chikondi: Koma tonse tikuwayankhulira agogo ngati iwo kulibe. Tiya, uli nawo pafupi? Tawafunsa.

Tiya: Ali pakhonde akusankha nyemba. Dikirani.

Mlamu Grace: Podikira, za chi India bwanji? Kuch Kuch Hota Hai. Nyimbo, magule, zovala zokongola, ndipo sapsompsonana n'komwe.

Achimwene Yami: Imeneyonso ndi maola atatu mayi. Munthu akafuna kunena kuti ndimakukonda amayamba wakwera phiri, kuvina ndi anthu 50 amene sitikudziwa achokera kuti, kusintha malaya kanayi. Mafuta a jenereta ndikulipira ndine.

Malume Dickson: Ngati mfuti mwakana, Bruce Lee alibe mfuti. Enter the Dragon, 1973, chaka chomwe anamwalira. Manja okhaokha.

Mayi Esnart: Kuti m'mawa mwake ana athyolane makosi pa bwalo? Chaka chatha Tadala anamenya nkhuku yanga theche ataonera za karate kwa aneba.

Mlamu Grace: Nkhuku ija tinalipira amayi kkkk

Tiya: Ndabwera. Ndawafotokozera zonse, ndilemba mmene anenera. Akuti ya mwana wa ku Kasunguyo aionera. Akuti njala anaiona ndi maso, ya pa khoma singawalume. Akuti ana a masiku ano amataya nsima ku nkhuku chifukwa ndiwo ndi masamba, aone kuti anzawo ankadya kamodzi pa tsiku. Koma akuti isakhale yomaliza, safuna kukagona ndi chisoni. Yomaliza ikhale ya munthu wa botolo.

Chikondi: Wa botolo uti?

Tiya: Inenso ndinafunsa. Akuti kamunthu kochepa thupi kovala chikopa, botolo linagwa kuchokera kumwamba, anthu a m'mudzi mwake n'kuyamba kulimbirana, iye n'kunyamuka kukalitaya kumathero a dziko. Akuti anaonera ndi agogo aamuna kwa aphunzitsi ena ku Matawale, agogo aamuna anaseka mpaka kugwa pa mpando.

Malume Dickson: The Gods Must Be Crazy! Ndinalipo tsiku limenelo. Ababa anaseka mpaka kutsokomola, aphunzitsi aja anachita kuimitsa tepi kuti amwe madzi. Pamene Land Rover ija inakwera mu mtengo yokha ndi chingwe. Kuyambira tsiku limenelo galimoto iliyonse yokana kulira ababa ankaitcha ya mu kanema.

Mayi Esnart: Ndinali nditaiwala. Ndagwetsa misozi kuno.

Achimwene Yami: Akanabwera nalo ku Zomba botololo, ulendo ukanafupika. Kungokwera ku Chawe, kuponya mu Chingwe's Hole, basi wabwerera kwawo.

Mphatso: Ndiyisaka. Ndi ya 1980, anapanga Jamie Uys wa ku South Africa nthawi ya tsankho, ndiye ena amaidandaula kuti imaonetsa anthu a mtundu wa San ngati osadziwa kanthu za dziko. Wosewera uja, N!xau, anali wa ku Namibia. Ine ndikaonera ndimaona kuti opusa mmenemo ndi a m'tauni aja, koma ndangonena kuti mudziwe.

Malume Dickson: Iwe chilichonse umachipezera mlandu. Agogo ako anena, yatha.

Mphatso: Sindikukana adadi. Funso langa ndi lakuti tipeze yomasulira m'Chichewa ya ku video show, kapena yeniyeni?

Achimwene Yami: Yomasulira! Anyamata aja amaika zawozawo. Mzungu akuyankhula za ndege, iwo akuti akufunsa mtengo wa usipa ku Songani.

Mayi Esnart: Ayi, omasulira aja pakamwa pawo sipasankha mawu, ena amatukwana. Pali ana ndi azipongozi. Yeniyeni, Mphatso akhale pafupi ndi amayi aziwauza.

Tiya: Agogo akuti safuna wowauza, ya botolo imamveka ndi maso.

Chikondi: Ndiye tamaliza. Yoyamba ya Kamkwamba, 6:30 kukangoda. Yachiwiri ya botolo. Iliyonse sikwana maola awiri, ndiye pofika 10:30 tatseka. Amayi Esnart, malo a pa depoti aja mukhoza kukaona za tiyi, tidzakuitanani akadutsa.

Mayi Esnart: Ngati amayi akhala, inenso ndikhala.

Mlamu Grace: Ine ndibweretsa mbuliwuli ndi zitumbuwa. Thobwa ndi la amayi Esnart monga mwa nthawi zonse. Koma mvula bwanji? Disembala ku Sadzi mukumudziwa, mtambo ukangotsika m'phiri palibe chenjezo.

Chikondi: Tenti ya masana ija tisaichotse, tidzangoikokera kufupi ndi khoma. Purojekita ikhale pa tebulo pakhonde. Jenereta ndi ya a Malume, magetsi akazima tisadikire.

Malume Dickson: Jenereta ndibweretsa, koma ili ndi lamulo lake. Agogo ndi ana akakagona, ife akuluakulu Commando.

Mayi Esnart: Sipika muchepetse, ndipo ine ndisamve mfuti ngakhale imodzi.

Achimwene Yami: Ndatumiza ya purojekita ndi ya mafuta malita asanu pa Mpamba ya Chikondi. Mundiimbire pa video agogo akamaseka, ndione nawo.

Chikondi: Yafika achimwene, zikomo. Mphatso, uike onse pa fulashi ndipo uyese kaye pa laputopu pofika pa 23, tisadzaone zozizwitsa anthu atakhala kale pansi.

Mphatso: Atatu onse?

Malume Dickson: Atatu onse. Ndipo Rambo ikakwana uikemo.

Tiya: Agogo akufunsa ngati nsalu yoyerayo ndi shiti yawo ya alendo ija. Akuti imeneyo musaikhome misomali.

Chikondi: Auze tigwiritsa mapegi.