Ana akugwa pa mafunso a galamala a SAT, nanga chimangirizo tiphunzitse chiti?

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Aphunzitsi anzanga, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi ana amene anakhoza bwino Chingerezi pa MSCE, pano akukonzekera SAT kuti akafunsire malo kumakoleji a ku America. Mafunso omvetsa nkhani akuwakhoza, koma a galamala, makamaka oika zizindikiro, akungolota. Makolo nawo akuti ndiziwaphunzitsa chimangirizo cha mayeso omwewa. Nthawi ndiigawe bwanji?

Madamu a ku Lilongwe:
Aphunzitsi, za chimangirizozo afunsitseni kaye makolowo. College Board, bungwe lokonza SAT, inachotsa chimangirizo pa SAT mu 2021, chinangotsala m'masukulu a zigawo zina za ku America komweko. Mwana wolembera kuno sakachipeza. Mwina akunena cha Common App (fomu yofunsira malo kumakoleji ambiri a ku America), chija cha mawu 250 mpaka 650 chimene mwana amalembera kunyumba kufotokoza za moyo wake, kapena cha ACT, mayeso ena olowera kumakoleji a ku America.

Pa SAT, gawo la Reading and Writing lili ndi mafunso 54 m'magawo awiri, lililonse mafunso 27 pa mphindi 32. Gawo lachiwiri limakhala lovuta kapena lofewa malinga ndi mmene mwana wachitira loyamba, ndipo akagwera lofewalo malikisi ake sakwera kwenikweni. A galamala amakhala 11 mpaka 15 pa mayeso onse, ndipo ndi amene mwana angawongolere msanga chifukwa malamulo ake ndi ochepa.

Aphunzitsi opuma, Mzuzu:
Vuto la ana athu ndi loti amayankha ndi khutu. Tinawazoloweza kuti pamene ukupumira mpweya uike mpatuliro, ndiye okonza mayeso amatchera msampha pomwepo. Aletseni kuwerenga mayankho asanachite ichi: aone mawu a kumanzere kwa mpata, apeze mwininkhani ndi mneni wake, adzifunse ngati nthambiyo ingaime payokha. Achitenso chimodzimodzi kumanja.

Ngati mbali zonse ziwiri zikuima pazokha, zololedwa ndi mpumiro, semicolon (;), kapena mpatuliro wotsatana ndi mlumikizi monga and, but, so. Colon (:) imalowanso ngati nthambi yachiwiri ikumasulira yoyamba. Mpatuliro wokha, ayi. Taonani ichi: "The rains came late, however, the maize did well." Pakamwa chikumveka bwinobwino, koma ndi cholakwika, chifukwa however si mlumikizi, sangamange nthambi ziwiri. Cholondola ndi "late; however, the maize". Ngati mbali imodzi yokha ndiyo ikuima, semicolon ndi mpumiro zatuluka kale.

Colon ili ndi lamulo limodzi losasintha: kumanzere kwake kukhale chiganizo chathunthu. N'chifukwa chake "such as:" imakhala yolakwika.

China chopulumutsa nthawi: mukaona mayankho awiri ofanana mawu onse, lina lili ndi mpumiro lina semicolon, onse awiriwo achotseni. Ntchito yawo ndi imodzi, ndipo yankho lolondola silingakhale pawiri.

Madamu a ku Lilongwe:
Zoona bambo, koma pa however paja tisawaloweze pamtima kuti semicolon imabwera kutsogolo kwake nthawi zonse. SAT imakonda kubweza: "The harvest was not the real worry, however; storage was." Apa however ndi wa nthambi yoyamba, akutsutsa chiganizo chimene chapita kale. Mwana awerenge chiganizo cham'mbuyocho kuti aone kuti kutsutsana kuli pati. Oloweza pamtima amagwa apa ngakhale ali anzeru.

Mphunzitsi wa ku Blantyre:
Ndiwonjezere za aneni. Okonza mayeso amatalikitsa mwininkhani ndi mneni poika mawu ambiri pakati: "The list of approved seed varieties ___ posted every year." Mwana amaona varieties pafupi n'kusankha are. Muuzeni anene m'Chichewa: mndandanda wa mbewu umaikidwa. Palibe mwana anganene kuti mndandanda wa mbewu zimaikidwa. Mgwirizano amaudziwa kale, kungoti pa Chingerezi diso limathamangira dzina loyandikira. Azidumpha kapandamneni aliyense woyamba ndi of, in, with mpaka apeze mwini wake weniweni. Chizindikiro chake n'chosavuta: mayankho atatu ali ochulukitsa limodzi lokha la chimodzi, kapena mosemphanitsa, dziwani kuti funso ndi la mgwirizano, osati la nthawi ya mneni.

Enanso ndi aja oyamba ndi mawu ofotokoza: "Walking to the market, ___". Dzina lobwera pambuyo pa mpatuliro likhale la amene akuyendayo. Yankho loyamba ndi "the rain" lagwa kale, mvula sipita kumsika.

Poyeserera, tengani mafunso mu Question Bank ya College Board, musefe Boundaries (mafunso a zizindikiro) payokha, Form, Structure and Sense (a aneni, mgwirizano ndi zina zotero) payokha. Mafunso 10 patsiku, ndipo pa lililonse mwana alembe lamulo limene lapha mayankho atatu enawo. Akangoti "silikumveka bwino", musamuchongere ngakhale wakhoza. Mayeso athunthu oyeserera a mu Bluebook, pulogalamu yolembera SAT, ndi ochepa, musawamalize sabata yoyamba.

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Zikomo kwambiri nonse. Ndafunsa, awiri mwa anawo akuganiza zolemba ACT. Chimangirizo chake chimayenda bwanji?

Aphunzitsi opuma, Mzuzu:
Ndi chosakakamiza, ndipo sichilowa m'malikisi aakulu aja a 1 mpaka 36. Chili ndi akeake, 2 mpaka 12. Ayambe aona ngati koleji yomwe akufuna imachifuna, popeza chili ndi mtengo wake wapadera. Mphindi ndi 40. Amapatsidwa nkhani imodzi ndi maganizo atatu osiyana, ndipo ntchito yake ndi kunena ganizo lake, kulitsimikiza, n'kuonetsa mmene likugwirizanira kapena kusemphana ndi limodzi mwa enawo, kapena kuposa apo.

Kumene ana athu amataya malikisi ndi kuwiri. Ena amangobwereza maganizo atatuwo ndime ndi ndime osaima paliponse. Ena amatha ndime yonse yoyamba ndi miyambi ndi mawu okometsera monga amachitira pa chimangirizo cha kusukulu. Ochonga amayang'ana zinayi: kuzama kwa ganizo, zitsanzo zolichirikiza, kasanjidwe, ndi chiyankhulo. Ganizo la mwana lioneke pofika kumapeto kwa ndime yoyamba. Ndime iliyonse ikhale ndi chitsanzo chimodzi chofotokozedwa mpaka pansi, osati zitatu zongotchula. Aikenso ndime yovomereza pamene ganizo lotsutsa lili ndi mphamvu, kenaka ayankhe. Mphindi 7 kukonza, 28 kulemba, 5 kuwerenganso.

Madamu a ku Lilongwe:
Musaiwale kuti kunja kwa America ACT imalembedwa pakompyuta, ndiye chimangirizocho n'chotaipa. Mwana wotaipa ndi chala chimodzi safika ndime yachinayi. Aziyeserera pa kiyibodi yeniyeni, osati pafoni, wotchi ili patebulo, ndipo chokonza masipelo chija muchizimitse.