Mbalame zomwera chigoba chimodzi: chigobacho nchiyani?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Amalume anga amakonda kunena kuti "mbalame zomwera chigoba chimodzi zimadziwana nthenga." Ananenanso titakangana za kabakha kamtchire komwe tinakaona m'dambo ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa, ine ndikuti nkamwana, iwo akuti nkakakulu kale. Chigoba chomwe ndimadziwa ndi cha nkhono kapena cha dzira. Mbalame zingamwere mmenemo?

Woyankha woyamba: Ayi mwanangu. Apa akunena kadzenje ka pamwala kapena pachitsa komwe madzi a mvula amatsalira. Mbalame zokumana pamenepo tsiku ndi tsiku sizingabisirane maonekedwe. Anthunso okhala pamodzi, kudyera mbale imodzi, amadziwana mtima ndi zinsinsi zomwe. Amalume akowo amakuuza mwaulemu kuti iwe ndiwe mlendo kunyanjako.

Woyankha wachiwiri: Ndipo sananame. Ku Chilwa kulidi kabakha kotero, kutalika kwake pafupifupi masentimita 35 basi ngakhale katakula. Poyamba yang'anani mlomo: wobiriwira ngati thambo koma wotuwirapo. Pamutu pakuda ngati kavala chipewa chofika m'maso, masaya oyererako okhala ndi banga lakuda chakukhosi, pachifuwa mawangamawanga. Kakauluka mumaona zobiriwira zonyezimira paphiko ndi mzere woyera kumapeto kwake. Kali ndi mnzake wachipewa chomwecho, koma iye ndi wamkulupo ndipo mlomo wake ndi wofiira. Ambiri amasokonezeka pamenepo.

Sikamira pansi pa madzi. Kamadya m'madzi osaya, kuviika mutu mchira uli m'mwamba, kusefa matope ndi mlomo kufuna njere za udzu, tizilombo ndi tinkhono. Kamadya kwambiri m'bandakucha ndi madzulo; masana kamabisala m'njedza, kawirikawiri tili tiwiritiwiri kapena kagulu kochepa, ndiye amene amapita dzuwa lili paliwombo amabwerako nkumati kulibe.

Woyankha woyamba: Koma tisaukometse kwambiri mwambiwu. Kwathu umanenedwanso akuba akatetezana pabwalo la milandu, kapena wina akaulula zoipa za mnzake wakale.

Wofunsa: Zikomo akuluakulu. Mlomo sindinauyang'ane. Nanga nyanja ikaphwa, monga mu 1995 muja, timbalameti timapita kuti?

Woyankha wachiwiri: Timatsata madzi achimwene, kulikonse komwe kuli dambo losaya. Ku Elephant Marsh kuchigwa cha Shire timapezekanso. Mukabwereranso ku Kachulu mulawirire, ndipo amalumewo akhale kutsogolo kwa bwato.