App yoyeza phokoso ikufuna GPS yanga, ndivomere kapena ayi?

Njiwa_92:
Abale ndithandizeni nzeru. Ndaika app ina mufoni yoti iziyeza phokoso kulikonse ndikuyenda kenako izitumiza kwa ofufuza kuti ajambule mapu a malo aphokoso, ganizoli ndalikonda zedi chifukwa phokoso limadwalitsadi anthu, koma ikupempha maikolofoni ndi GPS. Akuti dzina satenga. Ngati dzina palibe ndiye kuti ndili bwinobwino eti?

Kadziotche:
Ayi achimwene, dzina silofunika n'komwe. Foni ikamagona malo amodzi usiku uliwonse, m'mawa n'kumapita malo amodzimodzi, ndiye kuti apo ndi kwanu apo ndi kuntchito basi, wofuna kukupezani savutika. Mu 2013 akatswiri anaunika data yopanda mayina ya anthu 1.5 miliyoni, anapeza kuti kungodziwa malo anayi omwe munthu anafika ndi nthawi yake kumakwanira kumuzindikira, anthu 95 pa 100 alionse. Ndiye ya Strava ija munaimva? App ya othamanga, anatulutsa mapu a njira zomwe anthu amathamanga, mu 2018 anthu anaona kuti mapuwo akuonetsa makampu a asilikali chifukwa asilikaliwo amathamanga mozungulira mpanda foni kapena wotchi ili yoyaka. Panalibe dzina pamapupo koma chinsinsi chinaululika.

MayiWaAwiri:
Ine ndimatumiza ndithu koma mosamala. Location ndimailola pokhapokha app ili yotsegula, osati nthawi zonse, ndipo sindiyamba kuyeza ndili pakhomo, ndimayamba ndayenda kaye kamtunda. Chachikulu fufuzani ngati ikutumiza nambala ya ma decibel (muyeso wa kukula kwa phokoso) yokha kapena mawu enieniwo, chifukwa ikamatumiza mawu ndiye kuti mukujambulanso anzanu omwe sanavomere chilichonse, zimenezo ine zimandiwawa kwambiri.

Tsekwe:
Zoona zonsezo koma tisamangosenzetsa katundu mwini foni. Opanga app angathe kuwerengera zonse mufoni momwemo n'kutumiza zotsatira zokha, kapena kuphatikiza data ya anthu ambiri a dera limodzi isanaonekere kwa wina aliyense. Nthawi ya Covid mu 2020 Apple ndi Google anakonza njira yodziwitsa anthu kuti anayandikana ndi wodwala pogwiritsa ntchito Bluetooth ndi manambala osinthasintha, osasunga malo omwe munthu wafika. Ndiye zimatheka akafuna.

Njiwa_92:
Zikomo nonse. Za mawu zija sindinaziganizire mayi, dzulo ndimayeza ndili pagulu anthu akucheza zawo. Ndaizimitsa kaye, ndawalembera kufunsa ngati amasunga mawu komanso amafufuta data pakapita nthawi yaitali bwanji, akayankha ndidzakuuzani.