Sopo wakana kulimba, tsiku lachinayi mafuta ali pamwamba

Mayi wa ku Chilomoni: Anzanga opanga sopo, ndithandizeni, mutu waima. Lolemba ndinapanga sopo wochapira, lero Lachinayi koma sanalimbe. Ndikadina, chala chikungolowa ngati m'majarini, ndipo pamwamba pakuyandama mafuta. Chino n'chaka chachiwiri ndikupanga, ndipo nthawi zonse kukamacha ndimakhala ndikudula mitanda. Muyezo sindinasinthe: mafuta malita 5, kositiki (soda wowotcha wopangira sopo) makapu 3, madzi lita imodzi ndi theka. Ndalama ya mafutawa ndinakongola ku banki m'khonde, ndiye zotaya sindingakwanitse.

Mchemwali wa ku Kawale: Pepani amayi. Poyamba, amene anakugulitsaniyo ndi kositiki weniweni? Mnzathu wina anapatsidwa soda wothira m'therere, anatakasa mpaka mkono kuwawa, sopo osaoneka. Kositiki weniweni mukamuthira m'madzi, ndowa imatentha moti simungaigwire, ndipo mpweya wake umatsamwitsa.

Mayi wa ku Chilomoni: Inatentha achemwali, ndinachita kuisiya panja kuti izizire. Koma ndi watsopano, ndinagula kwina. Wakale uja anali timibulu ngati fetereza, uyu ndi wamapalemapale, ndipo m'pepala mwake ena anali atagwirana mibulu.

Mnyamata wa ku Mchinji: Amayi, ingosungunulani kapu ina ya kositiki muonjezere, muthiremonso mchere pang'ono. Alimba basi.

Bambo wa ku Karonga: Achimwene, dikirani kaye. Kuonjezera kositiki mongoganizira ndi kumene kumawotcha anthu manja. Mchere umathandiza kuti sopo wabwinobwino atuluke msanga m'chikombole, koma sungasandutse mafuta otsala kukhala sopo. Amayi, ndiyankheni zinthu izi. Malita 5 aja anali mafuta a mawese (palm oil) okhaokha? Nanga potunga m'chigubu, munayamba mwasungunula onse, kapena munangotsanula apamwamba? Komanso kositiki wakale uja watsalako ngakhale kapu imodzi?

Mayi wa ku Chilomoni: Abambo, mwandigwira pomwepo. Mawese anakwera mtengo, ndiye ndinathira malita 3, awiriwo ndinakwaniritsa ndi a mpendadzuwa. M'chigubu ndinatsanula amadzimadzi apamwamba, olimba apansi anatsalira chifukwa kunali kuzizira. Kositiki wakale alipo pang'ono m'botolo.

Bambo wa ku Karonga: Chabwino. Kuno mawese timakhala nawo pakhomo, ndiye khalidwe lake tikulidziwa. Akakhala m'chigubu amapatukana, opepuka pamwamba, olimba oyererako pansi. Olimbawo ndi amene amaumitsa sopo. Mukatsanula apamwamba okha, mwasiya mphamvu m'chigubu. Muziika chigubu chonse padzuwa kapena m'beseni la madzi otentha mpaka asungunuke, mukhutchumule, kenako muyeze. A mpendadzuwa nawo sopo wake amakhala wofewa, amachedwa kugwira, ndipo akachuluka mitanda imadzachita madontho achikasu n'kumanunkha mafuta owonongeka. Koma ziwirizi pazokha sizikanasiya mafuta akuyandama tsiku lachinayi. Ine ndikukayikira kapuyo. Kabwerekeni sikelo ya magalamu, muyeze kapu ya kositiki wakale ndi kapu ya watsopano, mutiuze.

Mayi wa ku Chilomoni: Ndabwereka kwa neba amene amaphika makeke. Kapu yomweyo, yosefula bwinobwino: wakale magalamu 230, watsopano 170. Ndayeza kawiri chifukwa sindimakhulupirira.

Mphunzitsi wa ku Zomba: Apa nkhani yaoneka, amayi. Timibulu timakhalana bwino m'kapu, mapale amasiya mipata. Makapu atatu a watsopanoyo ndi magalamu 510 okha. Tiyeni tiwerengere limodzi kuti aliyense pagulu pano atenge njira yake.

Lita ya mafuta sikwana kilogalamu, imalemera magalamu pafupifupi 900 mpaka 920. Ndiye mawese anu malita 3 ndi pafupifupi magalamu 2,700, a mpendadzuwa malita 2 ndi pafupifupi 1,840. Mafuta aliwonse ali ndi kositiki wake amene amadya. Kilogalamu ya mawese imafuna pafupifupi magalamu 141, ya mpendadzuwa 134, ya mafuta a ng'ombe 140, pamene ya kokonati imafuna ochuluka, cha m'ma 183. Mawese anuwo amafuna 381, a mpendadzuwawo 247, pamodzi 628. Timachotsako magawo 5 pa 100 aliwonse kuti patsale timafuta pang'ono toteteza khungu, ndiye tinene 600. Inu munathira 510. Mwaperewera 90, ndipo mafuta amene akuyandamawo ndi amene anasowa mnzawo.

Za mibulu ija: kositiki amayamwa chinyezi cha mumpweya. Akanyowa, pa sikelo mumayeza ndi madzi omwe, ndipo akakhalitsa poyera mphamvu yake imachepa. Choncho mwina kuperewerako kwaposa 90.

Ndili ndi china chimene chandidetsa nkhawa. Muyezo wanu wakale unali makapu atatu a 230, kutanthauza 690, pamene malita 5 a mawese amafuna pafupifupi 635 basi. Palibe amene anadandaulapo za manja?

Mayi wa ku Chilomoni: Aphunzitsi, mwandikumbutsa zondiwawa. Mayi wina amene amachapa zovala za anthu anabwera kudzandionetsa zala zake, zitasupuka m'mphepete mwa zikhadabo, khungu loyera ngati wagwira laimu. Ine ndinamuuza kuti mwina ndi madzi a pamjigo. Sanabwerenso. Mtima ukundipweteka, chifukwa manja amenewo ndi amene amadyetsa ana ake. Mawa ndikamupeza ndikapepese.

Mchemwali wa ku Kawale: Mwachita bwino kunena, amayi. Ambiri tinayambira pa makapu, ndipo sopo akalimba gwaa timaona ngati ndi wabwino. Sopo wochuluka kositiki amalimba kwambiri, podula amanyenyeka, ndipo nthawi zina mkati mumakhala timaenje ta madzi owotcha. Sopo wakaleyo ngati alipo musagulitse.

Mayi wa ku Chilomoni: Ndamva. Nanga wofewayu apulumuka?

Bambo wa ku Karonga: Apulumuka, chifukwa tikudziwa chimene chasowa. Kokolani zonse za m'chikombole pamodzi ndi mafuta oyandamawo, musatayeko ngakhale supuni, poti kuwerenga kwa aphunzitsi kwatengera mafuta onse. Pezani kositiki wouma, muyeze magalamu 90, musungunule m'madzi ozizira kapu imodzi. Kositiki ndiye amapita m'madzi, pang'onopang'ono. Madzi musawathire pa kositiki, amaphulika n'kuthovukira kumaso.

Ikani sopoyo mumphika wa stainless steel kapena wa enamelo wosakanduka. Mapoto athu a aluminiyamu ayi ndithu: kositiki amawadya, sopo amada, ndipo pamatuluka mpweya woti utha kuyaka. Moto wa mbaula ukhale wofatsa, makala ochepa, kapena mphikawo muukhazike mumphika wina wa madzi owira kuti asapserere. Akasungunuka, thirani kositikiyo mukutakasa ndi mthiko womwe sudzabwereranso kukhitchini. Poyamba adzaoneka ngati phala lodukaduka, musataye mtima. Pitirizani mpaka agwirane ngati nsima yofewa, aziwala ngati Vaseline. Kenako pakulirani m'chikombole, muchigogode pansi kuti mpweya utuluke.

Sadzakhala wosalala ngati wa nthawi zonse, ndipo chifukwa cha mpendadzuwa uja adzachedwa kuuma. Mpatseni masabata 4 mpaka 6 pamthunzi podutsa mphepo, muzitembenuza.

Namwino wa ku Dedza: Ndionjezereko za chitetezo, popeza ndimapanganso sopo ndikaweruka. Magolovesi, magalasi, zovala za manja aatali, ndipo ana akhale kutali. Kositiki akakudontherani, tsukani ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi 20, musapake mafuta kapena viniga. Akalowa m'diso, tsukani chimodzimodzi kenako thamangirani kuchipatala. Madzi a kositiki amaoneka ngati akumwa, chonde musawasunge m'botolo la chakumwa.

Mnyamata wa ku Mchinji: Ndavomera, za kapu ina zija ndinafulumira. Funso langa: kositiki akasowa, chidulo sichingagwire? Agogo ankati kale ankachapira cha phulusa.

Mphunzitsi wa ku Zomba: Agogo sananame, achimwene. Koma mphamvu ya m'phulusa ndi ya potashi, ndipo sopo wake amakhala wofewa, osati mtanda. Chinanso, chidulo cha lero ndi cha mawa sichifanana ukali, ndiye simungachiwerengere ngati mmene tachitira apa. Pa malonda, ayi. Ngati vuto ndi mtengo wa mawese, kafunseni mafuta a ng'ombe kwa ogulitsa nyama. Muwadule tizidutswa, muwiritse ndi madzi ndi mchere pang'ono, musefe, azizire, mutenge chimtanda choyera chapamwamba. Amalimbitsa sopo ngati mawese omwe. A mpendadzuwa asapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu.

Mayi wa ku Chilomoni: Anzanga, ndabweranso. Loweruka ndinaphika monga munanenera abambo a ku Karonga, zinanditengera ola limodzi ndi theka. Lero Lachiwiri ndadula mitanda, mpeni ukutuluka woyera, ndipo kachidutswa kamene ndinayesera kachita thovu. Mayi uja ndinamupeza, takambirana, ndamulonjeza mitanda iwiri ya uyu akakhwima. Koma pamwamba pachita kaufa koyera ngati phulusa. Ndalakwitsanso?

Mchemwali wa ku Kawale: Ayi amayi, kameneko kamabwera kositiki wapamwamba akakumana ndi mpweya sopo asanakhwime. Pukutani ndi kansalu konyowa kapena palani ndi mpeni. Ulendo wina mukangothira m'chikombole, vundikirani ndi pulasitiki yogunda pasopopo. Kositiki wotsalayo muikeni m'chidebe cha pulasitiki chotseka kwambiri, mulembepo dzina. Sikelo ija musabweze msanga, muyezeretu ndi ndowa yopanda kanthu kuti muzichotsera kulemera kwake.