Kodi maphunziro othandiza achinyamata ovuta khalidwe akupezeka kuti mu Harare?

Moni nonse abale ndi alongo. Ndimayang'anira gulu la achinyamata la mpingo wathu ku Mabvuku, ndipo anyamata ena azaka 13 mpaka 17 atikanika: sachedwa kupsa mtima, amaponyerana mipando, ndipo ena tikuwakayikira kuti ayamba kugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo otchedwa mutoriro. Takambirana ndi makolo, abusa awalangiza, koma palibe chasintha. Zowachotsa m'gulu sindikugwirizana nazo chifukwa n'kungowabwezera kumsewu.

Digiri ya ntchito yosamalira anthu ku University of Zimbabwe imatenga zaka 4, nthawi imene ine ndilibe popeza masana ndimakhala kuntchito. Kodi alipo amene akudziwa maphunziro aafupi ovomerezeka, a madzulo kapena Loweruka, ophunzitsa kukhazika mtima pansi mwana wolusa popanda kumugwira mwankhanza? Chonde mutchulenso mtengo wake.