Thandizeni, compile ya C++ ikufera panjira

Membala wobisa dzina: Abale, ndili ku Bangula, project ya C++ ya mafayilo 40 ikufunika Lolemba. Ndikangosintha mzere umodzi, compile (kusandutsa code kukhala pulogalamu) imayambiranso pachiyambi, ikachedwachedwa n'kufera panjira. Magetsi akuvuta, kutentha ndiye musanene, laputopu ndi yobwereka kwa alamu ndipo ayamba kuifunsa. Anzanga apagulu sakuyankha foni. Ena akuti ndigwiritse ntchito make, ena CMake (zida zoyendetsera compile), ena clang (compiler ina). Nditsate ziti?

Dev_Nchalo: Achimwene, mukulemba g++ *.cpp, ndikudziwa. Imeneyo imabwereza mafayilo onse nthawi iliyonse. Ikani CMake ndi Ninja, chida china choyendetsera compile: cmake -G Ninja -B build, kenako ninja -C build. Imangokhudza fayilo yomwe mwasintha ndi zodalira pa iyo. Basi!

Mayi_wa_Ngabu: Ninja imagwiritsa ntchito ma core onse nthawi imodzi. Ngati RAM ndi 4GB imadzaza, Linux n'kupha cc1plus, gawo la g++ lochita compile. Lembani -j2 kuti izichita ntchito ziwiri zokha nthawi imodzi, muwonjezere swap (malo a pa disk othandizira RAM) ya 4GB. Komanso siyani -O2 (yothamangitsa pulogalamu) pomwe mukuyesa, -O0 imatha msanga.

Dev_Nchalo: Amayi, -j2 ndi kuchedwetsa mwana wa eni. Vuto ndi lakuti alibe build system.

Fundi_Chikwawa: Laputopu ikumazima yokha? Ngati ndi choncho, mwina ndi fumbi pa fan. CPU ikayandikira madigiri 100 imadzichepetsa liwiro, zikapitirira imazima. Tsegulani, pukutani, ikani thermal paste yatsopano. Musamaiike pamatiresi, mumatseka mpweya.

Mkulu_wa_make: CMake ya chiyani pa mafayilo 40? Makefile ya mizere 15 ikukwana. Musaiwale -MMD, apo ayi mukasintha header make sidziwa, mudzalumikiza ma .o (mafayilo otuluka mu compile) akale, pulogalamu n'kumagwa mosadziwika bwino. Onaninso wotchi ya kompyuta. make imayendera nthawi ya mafayilo, ndiye batire ya CMOS, yoyendetsa wotchiyo, ikatha, tsiku limasokonekera, make nayonso n'kusokonekera.

Dev_Nchalo: Bwana, Makefile ya pamanja imafuna tab, munthu akaika space imangoti "missing separator". Mukufuna agonere zimenezo mpaka Lolemba? Clang isiyeni kaye, kusintha compiler sikuchepetsa mafayilo obwereza. CMake, Ninja, mukafuna onjezani ccache, yosunga zotsatira za compile yapitayo.

Mayi_wa_Ngabu: Mwanawe, tiuze mizere yomaliza ya error, komanso ngati ndi Windows kapena Linux. Tonsefe tikungoganizira.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Alamu akuti ndisaitsegule, ndipo aitenga Loweruka. Ninjayo ikudya bandulo yochuluka bwanji?